Mmene mungasungire tizikumbu todya nsabwe m'munda wa kasakaniza

Nyemba zikayamba kuyanga pa chimanga, kapena khobwe akangotulutsa nsonga zanthete, nsabwe zakuda zimaunjikana kunsongako. Ambirife timathamangira kukagula mankhwala, kupopera, nsabwe n'kutha. Pakapita masabata awiri zabweranso, mwinanso zochuluka kuposa poyamba. Chimene chimachitika n'chakuti mankhwala aja amapha nsabwe pamodzi ndi adani ake. Nsabwe sizichedwa kubwerera, chifukwa yaikazi imabereka ana amoyo popanda yamphongo, ndipo mwanayo pakangotha sabata imodzi nayenso wayamba kubereka. Adani ake amafuna masabata atatu kapena anayi kuti mbadwo wina ukule.

Mdani wamkulu wa nsabwe m'minda yathu ndi kachikumbu kozungulira ka madontho, kamene alangizi amakatcha ladybird. Simuchita kugula tizikumbuti, tili kale m'munda mwanu ndi m'tchire la m'malire. Ntchito yanu ndi kutidziwa, kutisungira chakudya ndi pobisala, ndiponso kusatipha.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

- Lichero kapena nsalu yoyera, yogwedezerapo mbewu
- Botolo loonekera m'kati, la kukamwa kwakukulu, ndi kansalu kotsekera
- Nthenga ya nkhuku, yonyamulira mphutsi
- Timitengo kapena tizingwe ta nsalu, toika chizindikiro pa mbewu
- Kope ndi cholembera
- Foni ya kamera ngati muli nayo, imathandiza kukulitsa tinthu tating'ono
- Mbewu ya khobwe, nandolo ndi mpendadzuwa, komanso udzu wa vetiva
- Sopo wa mtanda ndi sipuleya yotsukidwa bwino

1. DZIWANI KACHIKUMBU KOYENERA

Pa dziko lonse pali mitundu pafupifupi 6,000 ya tizikumbuti, koma m'minda ya kuno mudzakumana kawirikawiri ndi ochepa chabe. Cheilomenes lunata ndi kakuda kokhala ndi zigamba zachikasu kapena zofiirira, kutalika kwake mamilimita 6 kapena 7. Cheilomenes sulphurea n'kachikasu, kokhala ndi timizere takuda tolukanalukana pamsana. Hippodamia variegata n'kofiirira, kotalikirako pang'ono, ka madontho akuda. Palinso kena kakang'ono kakuda bii, konyezimira, ka mtundu wa Exochomus, kamene kamakondanso tizilombo tomata pa nthambi za zipatso ndi pa chinangwa.

Mayinawa simuyenera kuwaloweza. Yang'anani msana. Todya nsabwe timakhala tosalala, tonyezimira. Mukakagwira kamapinda miyendo n'kukhala ngati kafa, n'kutulutsa timadzi tachikasu tonunkha m'mfundo za miyendo. Timadzito si poizoni kwa inu, ndi njira yake yodzitetezera kwa mbalame.

Chenjezo: si onse a m'banjali amene ndi abwenzi. Pali ena odya masamba, a gulu la Epilachna, amene amapezeka pa maungu, nkhaka, mbatatesi ndi tomato, komanso Chnootriba similis amene amapala masamba a chimanga ndi mapira. Awa msana wawo sunyezimira, uli ndi tiubweya tosaoneka bwino, mtundu wake wofiirira mozilala ndi madontho akuda. Tsamba limene adyapo limatsala mitsempha yokha, n'kumaonekera kuwala. Mukakayika, ikani kachikumbuko m'botolo pamodzi ndi kansonga kodzaza nsabwe. Kakakhala kodya nsabwe, simudikira nthawi yaitali musanakaone katagwira imodzi.

Musasokonezenso ndi tizikumbu tonyezimira timene timaboola masamba a nyemba zongomera kumene, kapena zikumbu zazitali zakuda za mizere yofiira ndi yachikasu zimene zimadya maluwa a nandolo ndi khobwe. Izi ndi zowononga, ndipo zazitalizo musazigwire ndi dzanja, zimatulutsa matuza.

2. DZIWANI MAZIRA NDI MPHUTSI ZAKE

Apa ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa, choncho tikhalitsepo.

Tembenuzani tsamba limene lili pafupi ndi gulu la nsabwe. Mukaona timazira tachikasu, tosongoka mbali zonse ziwiri, titaima chilili mothithikana pamodzi, 10 mpaka 30 pamalo amodzi, amenewo ndi mazira a kachikumbu. Kakakazi sikaikira paliponse, kamasankha pomwe pali nsabwe kuti ana akangoswa apeze chakudya pakhomo. Kukamatentha amaswa pa masiku 3 mpaka 5.

Chotuluka m'dziramo sichifanana ndi mayi wake ngakhale pang'ono. Ndi kamphutsi kakuda kapena kotuwa, kathupi kotalika kosongokera kumchira, ka miyendo 6 yooneka bwino kutsogolo, ndi timadontho tachikasu kapena toyera pamsana. Kamaoneka ngati kamwana ka ng'ona. Kamayenda mofulumira pa phesi, mosiyana ndi mbozi zodya masamba zimene zimakwawa pang'onopang'ono. Mukakhala chete n'kukayang'anitsitsa, mudzaona kakugwira nsabwe ndi kamwa, kuitukula m'mwamba, kuiyamwa mpaka itafota, kenako n'kupita pa ina. Pa masabata awiri amene kamakhala kamphutsi kamafundula khungu katatu, ndipo kamodzi kokha kamadya nsabwe mazana angapo. Kachikumbu kakakulu kamatha kudya nsabwe mpaka 50 pa tsiku, koma kali ndi mapiko, kakhoza kuuluka mawa lomwe. Mphutsi ilibe kopita. Imakhala pa mbewu yanu mpaka nsabwe zitatha, n'chifukwa chake ine ndimaiwerengera mphutsiyi kuposa kholo lake.

Ikakhuta imadzimata pa tsamba ndi mchira, n'kupindika, n'kuuma kunja, osayendanso. Ambiri amaganiza kuti ndi kachilombo kakufa kapena matenda a tsamba, n'kukafikisa ndi chala. Kasiyeni. Pasanathe sabata mutuluka kachikumbu katsopano, kofewa, kachikasu, madontho ake n'kumaoneka pang'onopang'ono tsiku lomwelo.

Chenjezo loyamba: mphutsi za mitundu ing'onoing'ono ya Scymnus zimakutidwa ndi zoyera za phula, moti pa chinangwa kapena pa papaya zimafanana ndi tizilombo toyera toyamwa madzi a mbewuzo. Zikhudzeni ndi nthenga. Yoyenda msanga ndi bwenzi, yongokhala phee pamalo amodzi ndiyo yowononga.

Chenjezo lachiwiri: mphutsi za tizikumbu todya masamba ndi zachikasu, zonenepa, zodzaza minga ya nthambinthambi, ndipo zimapezeka pa tsamba lopalidwa pomwe palibe nsabwe. Izo tolani n'kuzipha.

3. YENDERANI MUNDA SABATA ILIYONSE

Yambani mbewu zikangotha masabata awiri chimerere. Pitani m'mawa mame akangouma, kapena chakumadzulo. Kayendedwe kake ndi komwe alangizi amaphunzitsa pofufuza ntchemberezandonda m'chimanga: kuyenda mokhotakhota, kuima malo asanu, pa malo aliwonse kuyang'ana mbewu khumi. Ulendo umodzi ungagwire ntchito ziwiri.

Pa nyemba, khobwe ndi mtedza yang'anani nsonga, kunsi kwa masamba anthete ndi pa timapesi ta maluwa. Pa chimanga yang'anani m'kati mwa nsonga ndi pa ngayaye, pomwe pamakhala nsabwe zobiriwira motuwa. Pa repu, mpiru ndi kabichi nsabwe zake ndi zotuwa, zaufa, zimabisala m'masamba opiringizika. Tcherani lichero pansi pa mbewu n'kuigwedeza kawiri kapena katatu, mudzadabwa ndi zimene zigwemo.

Lembani zinthu ziwiri: mbewu zingati zili ndi nsabwe, ndipo mwa zimenezo zingati zili ndi mazira, mphutsi kapena tizikumbu. Mangani kachingwe pa mbewu zingapo zogwidwa kwambiri kuti mudzabwerenso pa zomwezo.

Pa gulu la nsabwe mudzaonanso zina zotupa, zouma, zofiirira, zina zili ndi kabowo kumbuyo. Izo zaphedwa ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira dzira m'thupi mwa nsabwe. Mungaonenso timphutsi tobiriwira topanda miyendo tikufufuza pakati pa nsabwe, ana a ntchentche zina zokonda maluwa. Onsewa ali mbali yanu.

Chenjezo: yenderani kawiri pa sabata kukagwa ng'amba. Mvula yamphamvu imakokolola nsabwe, koma dzuwa likawomba masiku angapo mu Januwale kapena Febuluwale zimachulukana mwadzidzidzi.

4. KONZANI MUNDA KUTI CHAKUDYA CHISATHE

Kachikumbu sikakhala pomwe palibe chakudya. Kuti kaikire mazira kamafuna nsabwe, koma kuti kangokhala ndi moyo kamadyanso mungu, timadzi totsekemera ta m'maluwa, mazira a agulugufe ndi tizilombo tina tofewa. Ubwino wa kasakaniza uli pomwepa: mbewu imodzi ikatha chakudya, ina imakhala itayamba.

Taonani mmene zimayendera m'munda wa chimanga, nyemba, khobwe ndi nandolo. Kumayambiriro kwa dzinja nsabwe zimayamba pa nyemba ndi khobwe, tizikumbu n'kubwera kudzaswana. Chimanga chikamasula, timakwera ku ngayaye kukadya mungu ndi nsabwe za kumeneko. Khobwe ali ndi mphatso ina: amatulutsa timadzi totsekemera pa timapesi ta maluwa ndi patsinde pa masamba ngakhale kunja kwa duwa lenilenilo, n'chifukwa chake nyerere sizichokapo, ndipo tizikumbu timamwanso pomwepo. Chimanga chikauma ndi kukololedwa, nandolo amatsala wobiriwira mpaka Ogasiti kapena Seputembala, maluwa ndi mthunzi zilipo. Alimi a ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba amene sasiya nandolo m'chimanga amasunga tizikumbu miyezi yambiri mwina osadziwa.

Chitani izi:

a) Musalime munda wonse mbewu imodzi. Ikani mizere ya nyemba, khobwe kapena nandolo pakati pa chimanga, kapena mugawe munda m'zigawo zopapatiza kuti mbewu zosiyana ziyandikane.

b) Dzalani mpendadzuwa pang'ono m'mphepete. Ku dimba siyani mapando angapo a mpiru, repu kapena karoti kuti achite maluwa. Kamwa la kachikumbu ndi lalifupi, silifika m'maluwa akuya, limafuna maluwa ang'onoang'ono otseguka.

c) Musathire feteleza wa yureya mopitirira muyeso, makamaka pa ndiwo zamasamba. Mbewu yonona kwambiri imatulutsa nsonga zofewa zimene nsabwe zimaswanapo msanga kuposa mmene tizikumbu tingadyere.

Chenjezo: musafune munda wopanda nsabwe ngakhale imodzi. Nsabwe zochepa za apa ndi apo ndizo zimaitana tizikumbu msanga, mliri usanayambe.

5. SIYANI POBISALA M'CHILIMWE

Mavuto enieni a tizikumbu amayamba mukakolola. Kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba timabisala m'zitsa za udzu, pansi pa masamba ouma, m'makungwa a mitengo ndi m'mapesi, tina n'kutsikira kumadimba kumene kuli zobiriwira. Moto umodzi wa osaka mbewa umatha kuseseratu zonsezi, ndipo chaka chamawa nsabwe zimafika m'munda mopanda wozilonda.

Gonekani mapesi m'munda m'malo mowatentha. Dzalani vetiva pa akalozera: amagwira nthaka, komanso tsinde lake lothithikana ndi pogona pabwino. M'malire siyani kamzere ka tchire kotambalala ngati phazi limodzi kapena awiri, momwe muli chisoso, deliya ndi udzu wachilengedwe, n'kulambula mbali zonse kuti moto usalowe. Chisoso muchidule chisanamwaze njere zambiri m'munda, ndipo deliya muzimutengulira chifukwa amafalikira msanga. Masamba akewo ndi manyowa abwino.

Apa pali chosiyana chimodzi chimene sitiyenera kuchinyalanyaza. Mapesi a thonje ndi a fodya ayenera kuzulidwa pa nthawi yake monga mwa malamulo a mbewuzo, chifukwa amasunga tizilombo ndi matenda. Zosiya m'munda ndi za chimanga, mapira ndi mbewu za mtundu wa nyemba zimene sizinadwale.

6. CHEPETSANI NYERERE PA MBEWU ZOGWIDWA

Nsabwe zimatulutsa timadzi tomata totsekemera, tomwe timachititsa masamba kuchita chuku chakuda. Nyerere zimakonda timadziti, motero zimalondera nsabwe, kuluma mphutsi za tizikumbu ndi kuzigwetsa pansi. Mukaona mzere wa nyerere ukukwera ndi kutsika pa phesi, dziwani kuti kumwambako kuli nsabwe zotetezedwa.

Ku dimba ndi pa mitengo ya zipatso thirani phulusa louma kuzungulira tsinde, n'kubwerezanso likanyowa, ndipo dulani nthambi zokhudza pansi. M'munda waukulu musavutike nazo. Nyerere zomwezo zimadyanso mbozi ndi chiswe, choncho si zofunika kuzithera mankhwala.

7. MUSANAPOPERE, DIKIRANI MASIKU ATATU

Mwapeza nsabwe. Musanatenge sipuleya bwererani ku kope lanu.

Ngati nsabwe zili pa mbewu za apa ndi apo, ndipo pa zambiri mwa izo pali mazira kapena mphutsi, musachite kanthu. Bwererani pa mbewu za tizingwe zija pakapita masiku atatu kapena anayi. Mukapeza gulu la nsabwe lachepa, patsala makungu oyera ndi mphutsi zonenepa, ntchito ikuyenda.

Ngati mbewu zochepa zadzaziratu, tsinani nsonga zogwidwazo n'kuzikwirira, mutayamba mwachotsapo mphutsi ndi nthenga. Ku dimba madzi othira mwamphamvu amagwetsa nsabwe zambiri.

Ngati nsabwe zikufalikira, masamba akupiringizika, maluwa ayamba, koma adani ake sakuoneka, poperani, koma muyambe ndi zofatsa. Palani sopo wa mtanda masupuni awiri, musungunule m'malita 5 a madzi, muyese pa mbewu zochepa kaye kuti muone ngati sakuwaula masamba. Sopo amapha nsabwe zokhazo zimene wazikhudza, ndipo akauma mphamvu yake yatha, kachikumbu kobwera mawa sikafa. Sopo waufa wochapira musagwiritse ntchito, amatentha masamba.

Njira ina ndi masamba a ombwe, deliya kapena nimu. Aumitseni pamthunzi, musinje, muviike kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi pamodzi ndi kasopo pang'ono usiku wonse, musefe ndi nsalu, n'kupopera madzulo. Kafukufuku amene anachitika m'minda ya nyemba ku Malawi ndi ku Tanzania anaonetsa kuti mankhwala a zomera otere amachepetsa tizilombo towononga koma n'kusiya adani ake ambiri amoyo poyerekeza ndi mankhwala a m'sitolo.

Chenjezo: ombwe amapha nsomba. Musatsukire sipuleya kumtsinje kapena pafupi ndi damu la nsomba, ndipo dzitetezeni kumaso ndi m'manja monga muchitira ndi mankhwala ena onse.

Mankhwala monga cypermethrin, dimethoate ndi Karate sasankha, amapha tizikumbu, mphutsi zake, timavu tija ndi njuchi zomwe. Zikafika poti simungachitire mwina, funsani mlangizi wa m'dera lanu, tsatirani muyeso wolembedwa pa botolo, poperani zigawo zogwidwa zokha madzulo, ndipo malire ndi mizere ya maluwa musaikhudze. Kumeneko n'kumene kudzachokere tizikumbu tobwerera m'munda.

8. SAMUTSANI MPHUTSI KUMENE ZIKUFUNIKA

Nthawi zina pa khobwe wa m'malire pamadzaza mphutsi pomwe repu wa ku dimba akutha ndi nsabwe. Thyolani tsamba lonse lomwe lili ndi mazira kapena mphutsi, muliike m'botolo lotseka ndi kansalu, mukalipanikize pakati pa masamba a mbewu yogwidwayo madzulo. Tizikumbu tatikulu musavutike nato, timauluka.

Chenjezo: musaunjike mphutsi zambiri m'botolo limodzi popanda nsabwe, kapena kuzisunga mpaka mawa. Zikamva njala zimadyana, zimadyanso mazira a mtundu wawo womwe. Botolo musaliike padzuwa.

ZIMENE TIZIKUMBU SITINGATHE

Izi ziyenera kunenedwa mosabisa, kuti wina asataye mtedza wake podalira tizikumbu tokha. Nsabwe zakuda za pa mtedza, zomwenso zimagwira khobwe, ndizo zimafalitsa kadukutu. Nsabwe zochepa zouluka zikhoza kubweretsa matendawa tizikumbu tisanafike n'komwe. Chitetezo cha kadukutu ndi kudzala ndi mvula yoyamba, kudzala mothithikana kuti nthaka iphimbike msanga, kuzula mbewu zodwala ndi mtedza womera wokha, komanso kusankha mitundu yopirira monga Nsinjiro ndi Baka. Chimodzimodzi ndi matenda opiringiza masamba a nyemba: yambani ndi mbewu yabwino.

Pa ntchemberezandonda ya mtundu wa fall armyworm, imene inafika m'dziko muno m'nyengo ya 2016/2017, tizikumbu timadya mazira ndi timbozi tongoswa kumene. Mbozi ikakula n'kulowa m'kati mwa nsonga ya chimanga sitingaithenso. Pitirizani kufikisa mazira ake ndi kutola mbozi. Kusiyanitsa n'kosavuta: mazira a ntchemberezandonda ndi ozungulira, ounjikana, okutidwa ndi tiubweya totuwa, pomwe a kachikumbu ndi achikasu, opanda tiubweya, oima chilili.

ZOLAKWIKA ZIMENE ZIMACHITIKA KAWIRIKAWIRI

Kupha mphutsi poziyesa mbozi. Ichi ndicho chachikulu. Mlimi amaona tsamba lopiringizika, n'kuona kachilombo kakuda pomwepo, n'kuganiza kuti ndiko kawononga, chonsecho kabwera kudzadya zowonongazo. Onetsani ana ndi aganyu onse amene amalowa m'munda mwanu mmene kamphutsika kamaonekera, ndi mazira ake omwe.

Kupopera potsata kalendala kapena potengera mnansi, osayang'ana kaye kunsi kwa masamba.

Kusakaniza mankhwala a nsabwe ndi feteleza wopopera kapena mankhwala a chiwawu "kuti zipitire limodzi", pomwe nsabwe palibe.

Kupopera sopo kapena ombwe m'sipuleya yosatsuka, momwe munali cypermethrin dzulo lake.

Kuteteza kachikumbu kalikonse ka madontho, ngakhale kodya masamba a maungu. Yang'anani msana ndi tsamba limene kakhalapo.

Kudikira mopitirira. Mbewu zongomera kumene ndi ndiwo zamasamba zogulitsa sizipirira nsabwe monga nandolo kapena chimanga chachikulu. Pakapita masiku anayi nsabwe zikuchulukabe ndipo mphutsi sizikuoneka, chitanipo kanthu.

Kulambula malire onse mpaka dothi kuonekera, kenako kutentha zinyalalazo mu Seputembala kapena Okutobala pokonzekera kugalauza. Ngati munda wanu wagundana ndi wa anzanu, kambiranani za moto ndi za masiku opopera mvula isanagwe, chifukwa tizikumbu timauluka kuchoka m'munda wina kupita wina, ndipo utsi wa mankhwala nawonso umawoloka malire ndi mphepo.